Ndalama Zodutsa: Msonkho, Mpamba ndi Kakulidwe ka Chuma cha Zomba

Aliyense wofuna kumvetsa chuma cha Zomba ayambe waima pafupi ndi makina otapira ndalama m'masiku otsiriza a mwezi. Pamzerepo pamakhala aphunzitsi, anamwino, apolisi, asilikali a ku Cobbe Barracks, oyang'anira ndende, komanso ogwira ntchito ku yunivesite, ku bungwe la mayeso la MANEB ndi ku maofesi ena a boma amene anatsalira mumzinda muno. Ambiri mwa anthuwa malipiro awo amachokera m'thumba limodzi, ndipo sabata imene thumbalo lamasulidwa tauni yonse imatsitsimuka: ogulitsa nyama amapha ng'ombe yowonjezera, akabaza sapuma, eni nyumba za lendi ku Matawale ndi ku Chinamwali amayamba kugogoda m'makomo, ndipo amayi ogulitsa matemba mumsika waukulu satsitsa mtengo ngakhale wogula anenerere chotani. Pakatha masiku khumi zinthu zimabwerera mwakale, mabuku a ngongole m'magolosale amatsegulidwanso, ndipo aliyense amayamba kuwerenga masiku.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi njira imene ndalamazo zimatulukira. Shuga wogulidwa sabata imeneyo wachokera ku Nchalo kapena ku Dwangwa, sopo, mafuta ophikira ndi malata zaodedwa ku Limbe, petulo wa m'njinga yamoto wadzera pa doko la Beira, la Nacala kapena la Dar es Salaam, ndipo zovala za kaunjika zawoloka nyanja yamchere. Motero kwacha yomwe yafika ku Zomba Lachisanu imakhala itakwera kale minibasi ya ku Limbe pofika Lolemba. Dera limalemera pamene ndalama yadutsa m'manja angapo isanachoke, monga pamene mphunzitsi wagula mpunga kwa mlimi wa ku Likangala, mlimiyo wagula chitseko kwa kalipentala wa pa Jali, ndipo kalipentalayo walemba mnyamata womuthandiza kupala matabwa. Kuti kuzungulira kotereku kuchitike kapena kulephereke zimatengera mmene msonkho umatoleredwera ndi kubwezedwera kwa anthu, malo amene eni mpamba asankha kuikako ndalama zawo, komanso kukula kwa mpata umene uli pakati pa olemera ndi osauka.

Nduna ya zachuma ikamalengeza m'Nyumba ya Malamulo kuti chuma chakula ndi maperesenti akutiakuti, imakhala ikunena za GDP, kutanthauza mtengo wa katundu yense ndi ntchito zonse zimene dziko lapanga m'chaka chimodzi. Chiwerengerochi chimakonzedwa ndi ofesi ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, koma ndi cha dziko lonse pamodzi, ndipo sichinena kuti phindulo lagwera m'boma liti kapena pakhomo pa yani. Zaka za pakati pa 2005 ndi 2010 zikuonetsa bwino zimenezi. Mvula inkagwa bwino, ndondomeko ya makuponi a feteleza inali itangoyamba kumene, ngongole zambiri zakunja zinakhululukidwa mu 2006, ndipo chuma chinkakula ndi pafupifupi 7 peresenti pachaka. Komabe kafukufuku wa m'mabanja wa ofesi yomweyo anapeza kuti osauka, amene anali 52.4 peresenti ya anthu onse mu 2004/05, anali akadali 50.7 peresenti mu 2010/11. Muyeso wa kusiyana kwa chuma wotchedwa Gini, umene umayambira pa 0 pamene aliyense ali ndi zofanana ndi mnzake n'kukathera pa 1 pamene munthu mmodzi watenga zonse, unakwera kuchoka pa 0.39 kufika pa 0.45 m'zaka zomwezo. Nkhokwe ya dziko inadzaza ndithu, koma amene anatapamo kwambiri ndi omwe anali nazo kale.

Pofika 2019/20 muyesowo unali utatsika kufika pa 0.38, ndipo wina akhoza kuthamangira kuimba nthungululu, koma osauka anali akadali 50.7 peresenti, ndipo mpata umathanso kuchepa chifukwa chakuti a pamwamba atsika pamene apansi ali pomwepo. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti kumidzi osauka anali 56.6 peresenti pamene m'matauni anali 19.2 peresenti. Kwa ife a kuno kusiyana kumeneku kuli pakhomo penipeni, pakuti kalembera wa 2018 anapeza anthu 105,013 mumzinda wa Zomba ndi anthu 746,724 m'madera ozungulira, kutanthauza kuti pa munthu mmodzi aliyense wa m'tauni pali anthu asanu ndi awiri a ku Chingale, ku Mayaka, ku Thondwe, ku Malosa ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Tiwonjezerepo kuti chiwerengero cha anthu chinkakula ndi 2.9 peresenti pachaka pakati pa 2008 ndi 2018, pamene kukula kwa chuma m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 sikunapose 2 peresenti, ndiye kuti gawo la munthu mmodzi linkachepa chaka ndi chaka.

Mbiri ya Zomba payokha ndi umboni wakuti boma likasankha pomanga limakhala lasankhanso dera lomwe lidzakule. Zomba inali likulu la dziko kuyambira nthawi ya mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, Harry Johnston, mu 1891, ndipo pa kalembera wa 1966 iyo ndi Lilongwe anali matauni olingana, lililonse ndi anthu osakwana 20,000. Dr Hastings Kamuzu Banda anatsimikiza zosamutsira likulu pakati pa dziko, mwa zina pofuna kuti chitukuko chisaunjikane kummwera kokha, ndipo Britain itakana kupereka ndalama, ngongole yoyambira ntchitoyo inachokera ku boma la tsankho la South Africa mu 1968. Likulu linasamuka mu 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsatira ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994. Pofika 2018 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu 989,318, kutanthauza kuti unakula pafupifupi maulendo 50 pamene Zomba inakula maulendo asanu okha, ndipo ngakhale Mzuzu, yomwe mu 1966 inali kumbuyo kwenikweni, inali itaipitirira Zomba ndi anthu ake 221,272. Palibe anganene kuti anthu a ku Lilongwe anali akhama kuposa a kuno. Ndalama za misonkho ndi za ngongole ndizo zinayamba kupita kumeneko, kukamanga misewu, maofesi a ku Capital Hill ndi bwalo la ndege la ku Lumbadzi, kenaka mabanki, akazembe, msika wa fodya ndi mafakitale a ku Kanengo anatsata fungo la ndalamazo. Cholinga chotukula chigawo chapakati chinatheka ndithu, ngakhale kuti mulu umene unkadandaulitsa anthu ku Blantyre unangobadwanso pamalo ena.

Njanji nayo inailambalala Zomba. Inafika ku Blantyre mu 1908, inapitirira mpaka ku Salima mu 1935 podzera ku Balaka, ndipo ya ku Nacala, yomwe inatsegulidwa mu 1970, inadzera pa Liwonde. Mgodi wa miyala yopangira simenti wa ku Changalume, umene unkalemba anthu ambiri ntchito, unatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chimene chinatsala ndi sukulu, zipatala, ndende, asilikali ndi maofesi, zomwe ndi zofunika kwambiri koma zonse zimadya kuchokera ku bajeti ya boma. Koleji ya Chancellor, yomwe inasamukira ku Chirunga mu 1973 ndipo kuyambira 2021 ndiyo yokha yatsala ndi dzina la University of Malawi, ndiyo ili ngati fakitale yaikulu ya mzinda uno. Wofuna kutsimikiza apite ku Chikanda, kumene pafupifupi khomo lililonse lili ndi zipinda zochititsa lendi kwa ophunzira, ndipo m'mbali mwa njira muli ziwaya za tchipisi, malo ometera, malo osindikizira mapepala ndi mabenchi a ndiwo. Kolejiyo itatsekedwa kwa miyezi yambiri mu 2011 pa mkangano wa ufulu wa kaphunzitsidwe, amene anamva kuwawa sanali ophunzira okha, pakuti zipinda zinakhala pululu, ziwaya zinazizira, ndipo mlimi wa mbatata wa pamwamba pa phiri anasowa womugula.

Nkhani ya msonkho m'dera lino ili ndi mizu yowawa imene ikufotokoza zambiri za lero. Atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, cholinga sichinali kupeza ndalama zoyendetsera boma kokha, koma kukakamizanso anthu kuti akagwire ntchito m'minda ya azungu, pakuti ndalama ya msonkhoyo munthu sakanaipeza kwina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 lamulo linafika poti amene wagwirira mzungu ntchito mwezi wathunthu ankalipira mashiling'i atatu, pamene wokhala pakhomo ankalipira asanu ndi limodzi. Malo aakulu a nthaka yabwino m'mapiri a Shire anali atalembedwa kale m'maina a azungu ndi makampani awo, ndipo mabanja okhala pamalowo, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira lendi ya malo ndi thukuta lawo, m'dongosolo lija la thangata. Nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi mwa zifukwa zimene zinadzutsa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915. Timinda tosakwana hekitala imodzi timene mabanja ambiri a kuno amalima lero sitinachepe chifukwa cha kuchulukana kwa anthu kokha, chifukwa kagawidwe ka malo kanayamba kale kali kopendekera.

Ufulu utabwera, msonkho wina unabisala m'sikelo. Bungwe la ADMARC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, ndilo lokha linkagula mbewu zambiri za alimi ang'onoang'ono, ndipo linkagula motsika n'kukagulitsa kunja mokwera. Phindu lalikulu la malondawo linathandiza kukuza maesiteti ndi makampani a gulu la Press, pamene mlimi wamba sankaloledwa n'komwe kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990. Mawu akuti chuma chili m'nthaka anali oona, koma njira ya chumacho ikachoka m'nthakamo inali yolowera kutauni.

Lero misonkho yambiri imatoleredwa ndi bungwe la MRA, lomwe linayamba ntchito mu 2000, ndipo mitundu iwiri ndiyo imakhudza anthu tsiku ndi tsiku. Woyamba ndi wa pa malipiro, wotchedwa PAYE, umene unakonzedwa kuti wolandira zambiri azidulidwa gawo lalikulu, ndipo ndalama zoyambirira za malipiro sizidulidwa konse. Malire amenewa anakwezedwa kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pamwezi mu 2020, kenaka pa K150,000 mu 2024. Wachiwiri ndi VAT, umene umabisala mumtengo wa katundu ndipo suyang'ana nkhope ya wogula. Pa mlingo wa 16.5 peresenti, umene unagwira ntchito kwa zaka zambiri, katundu wogulidwa pa K11,650 ankakhala ndi K1,650 ya boma m'kati mwake, kaya wogulayo ndi mkulu wa kampani kapena mayi wa ku Kachulu amene wagulitsa nkhuku kuti apeze ndalamayo. N'zoona kuti chimanga ndi zakudya zina zosakonzedwa kufakitale sizikhomeredwa VAT, ndipo zimenezi zimapepuzako osauka, koma shuga, mabatire, malata ndi mayunitsi a foni zimakhomeredwa, ndipo mtengo wa ulendo uliwonse wa pa minibasi uli ndi misonkho ya pa mafuta m'kati mwake. Wosauka amagwiritsa ntchito ndalama yake yonse mwezi womwewo, pamene wolemera amasungako ina kapena kuisandutsa malo ndi nyumba, zomwe msonkho wake ndi wovuta kutolera. Palinso kusiyana pakati pa anthu opeza bwino okhaokha: mphunzitsi wa kuyunivesite sangathawe PAYE chifukwa amadulidwa ndalama isanafike m'manja mwake, koma wamalonda wa malole atatu ndi nyumba khumi za lendi, amene amalandira ndalama pamanja popanda lisiti, amalipira zimene iye mwini waulula.

Pali msonkho winanso umene sukambidwa m'Nyumba ya Malamulo, ndiwo kukwera mitengo kwa zinthu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo m'chaka cha 2024 mitengo inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposerapo. Amene chuma chake chili m'nyumba, m'malo kapena m'madola amadutsa m'nyengo yotere ali chilili, mwinanso atalemererapo, koma waganyu, wapenshoni ndi gulu la banki mkhonde limene lasunga ndalama chaka chonse kuti lidzagawane mu Disembala amapeza kuti ndalama yomwe inkagula matumba awiri a feteleza ikulephera kugula limodzi.

Kutolera msonkho ndi theka chabe la nkhani, ndipo theka lina, lomwe kwa ine ndilo lalikulu pa kakulidwe ka dera, ndi njira imene ndalamazo zimabwerera. Zonse zimene MRA yatolera, kaya ku Songani kapena ku Karonga, zimakalowa m'thumba lalikulu la boma lija anthu amalitcha Account Number One, ndipo zimatuluka motsatira bajeti yokonzedwa ku Lilongwe. Wodya woyamba m'thumbamo ndi wobwereketsa: m'bajeti ya 2025/26, ya ndalama zoposa K8 thililiyoni, chiwongoladzanja cha ngongole za boma chokha chinapatsidwa ndalama zoposa K2 thililiyoni, ndipo gawo lalikulu la ndalama zimenezi limapita ku mabanki ndi mabungwe a zachuma a m'dziko momwe muno, amene malikulu awo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kunena mosapsatira, gawo la VAT ya mayi wa ku Kachulu uja limakathera m'phindu la eni masheya a banki. Malipiro a ogwira ntchito m'boma amatenga gawo lina lalikulu, ndipo apa Zomba ili ndi mwayi kuposa maboma ngati Phalombe ndi Chiradzulu. Zotsala za misewu, milatho ndi ulimi wamthirira zimakhala zochepa, ndipo ndizo zimayamba kudulidwa chaka chikavuta.

Ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu ya 1998 inalonjeza kuti makhonsolo azilandira ndalama zosachepera 5 peresenti ya zimene boma latolera kuti achitire chitukuko, koma makhonsolo akhala akudandaula kuti zimene zimafika sizikwana pamenepo ndipo zimachedwa. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala n'komwe, ndipo m'zaka zomwezo thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, linabadwa n'kuyamba kukula, mpaka linafika pa K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024. Ndalama zimene khonsolo imatolera yokha zimachokera ku misonkho ya malo ndi nyumba, ziphaso za mabizinesi ndi matikiti a mumsika. Mzinda wodzaza ndi nyumba za boma ngati Zomba uli ndi vuto lakelake, chifukwa wokhometsa msonkho sangakalande katundu kwa amene amamupatsa ndalama zoyendetsera ntchito, ndipo madandaulo a misonkho ya malo yosalipidwa samatha m'mizinda yathu yonse inayi. Wosavuta kumupeza ndi mayi wa tomato, amene amadula tikiti tsiku lililonse, kaya wagulitsa kaya sanagulitse, ndipo akamanyinyirika n'chifukwa chakuti amayerekeza tikitiyo ndi ngalande, chimbudzi ndi mulu wa zinyalala zimene akuziona ndi maso.

Eni mpamba nawo ali ndi masamu awo. Munthu wofuna kutsegula fakitale yokonza mpunga, yoyenga mafuta a mpendadzuwa kapena yopanga timadziti ta zipatso amafunsa ngati magetsi adzayaka tsiku lonse, ngati adzapeza ndalama zakunja zoitanitsira makina ndi zipangizo zake, ngati msewu wa kumene kuli mbewu umadutsika m'dzinja, komanso ngati pali anthu okwanira ogula. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo eni zigayo ndi owotcherera zitsulo ankagwira ntchito usiku podikira magetsi. Chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinafika pa 26 peresenti mu 2024, ndipo ngongole ya kubanki kwa wamalonda wamng'ono inkafika pa 30 peresenti kapena kupitirira. Banki imene ikupeza phindu lalikulu pobwereketsa boma, lomwe silithawa, ilibe chifukwa chovutikira ndi munthu wa pa Thondwe amene chikole chake ndi malo a makolo opanda mapepala. Ichi n'chifukwa chake munthu wa kuno akapeza ndalama amamanga hositelo ya ophunzira, malo ogona alendo kapena kugula minibasi ndi njinga zamoto zingapo, zinthu zobweza ndalama msanga koma zolemba anthu ochepa ntchito. Sitingamunene kuti ndi wopanda masomphenya, pakuti wawerengera bwino lomwe.

Pofuna kukopa makampani akunja, boma limakonda kuwachotsera misonkho, ndipo phunziro lodziwika bwino ndi la mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, umene kampani ya Paladin ya ku Australia inayendetsa kuyambira 2009 mpaka 2014. Pa mgwirizano wake, gawo limene boma limalandira pa miyala yogulitsidwa linatsitsidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zitatu zoyambirira, ndipo msonkho wa pa phindu unatsitsidwa kuchoka pa 30 peresenti kufika pa 27.5 peresenti. Bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti dziko linataya madola pafupifupi 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale kuti kampaniyo inatsutsa, ponena kuti popanda kuchotseredwa koteroko mgodiwo sukanatsegulidwa. Mfundo ya kampaniyo ili ndi pogwira, koma vuto lake ndi lakuti msonkho wokhululukidwa lero ndi womwewo ukanamanga msewu ndi kukoka magetsi, zinthu zimene kampani yotsatira idzafunse isanafunse za msonkho. Nkhaniyi yatiyandikira tsopano, popeza mu 2024 boma linasainirana mgwirizano ndi kampani ya Mkango wokumba miyala ya mtengo wapatali pa phiri la Songwe ku Phalombe, kummwera kwa nyanja ya Chilwa.

Funso lomaliza la mwini mpamba, lija la ogula, ndi limene limalumikiza nkhani yonseyi ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. Mabanja ochepa olemera sangadye mpunga wonse wolimidwa m'boma lino, ndipo zokhumba zawo zambiri, monga galimoto, mafoni ndi matailosi, zimachokera kunja. Msika weniweni wa kalipentala, telala ndi mwini chigayo ndi anthu 746,724 aja, ndipo iwo akakhala opanda ndalama m'thumba bizinesi ya m'tauni imathera pa malipiro a mwezi. Taonani mmene chaka cha mlimi wa mpunga wa m'madambo a Chilwa chimayendera. Amakolola mu Meyi kapena Juni ali ndi ngongole ya katapila, fizi ya mwana ndi denga lodontha, ndipo venda amakhala atapachika kale sikelo pamtengo wa mango, motero amagulitsa nthawi imene mtengo uli pansi penipeni. Pofika Januwale chakudya chatha, amagula chimanga pa mtengo wa m'nyengo yanjala, ndipo kuti apeze ndalama yake amakagwira ganyu m'munda wa mnzake wopeza bwino sabata yomweyo imene munda wake ukufuna kupalira. Zokolola zake za chaka chotsatira zimachepa pachifukwa chimenecho, ndipo za wolemba ganyu uja zimachuluka. Mpata umadzikulitsa wokha popanda wina kuba kanthu.

Ngozi nazo sizigwera onse mofanana. Nyanja ya Chilwa, imene zaka zabwino imapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a nsomba zonse za dziko lino, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Mwini mabwato ndi makoka ambiri amasamukira ku nyanja ina, koma wopalasa ndi wowamba nsomba amatsala pa matope. Mu 2017 dziko la India litaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, mtengo unagwa koopsa, ndipo alimi a kuno amene anakuza minda atakopeka ndi mitengo ya chaka chapitacho anatsala ndi matumba m'nyumba. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa kwambiri nyumba za zidina ndi kukokolola minda ya m'mphepete mwa mitsinje, kumene osauka ndiwo amakhala.

Zomba yakhalanso malo oyesererapo njira zochepetsera mpatawu. Mu 2008 ndi 2009 akatswiri ogwirizana ndi World Bank anachita kafukufuku m'boma lino, wopereka ndalama zochepa mwezi ndi mwezi kwa atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo, ena pa lamulo lakuti azipita kusukulu, ena popanda lamulo lililonse. Ndalama za lamulo zinathandiza kwambiri kuti atsikana asasiye sukulu, pamene zopanda lamulo zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati a ana, makamaka pakati pa omwe anasiya sukulu. Koma ofufuzawo atabwerera patatha zaka ziwiri ndalamazo zitaleka, zambiri mwa zabwinozo zinali zitazimiririka. Ku Mwandama nako ntchito ya Millennium Villages, imene inakopa ngakhale mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, mu 2010, inakweza zokolola za chimanga pamene feteleza ndi mbewu zinkaperekedwa. Ndalama ya m'manja, ngati ya Mtukula Pakhomo, ili ndi ubwino wina umene anthu sauwerengera, wakuti imagwiritsidwa ntchito pa msika wa pafupi ndipo imazungulira m'mudzi momwemo, koma siingalowe m'malo mwa ntchito yokhazikika imene mtsikana wotsiriza Folomu 4 angaipeze osakwera basi ya ku Johannesburg.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akufuna kutukula mizinda ing'onoing'ono isanu ndi itatu, ndipo woyandikana nafe pa mndandandawo ndi Liwonde, chifukwa cha njanji ya ku Nacala, mtsinje wa Shire ndi mphambano ya misewu. Zikatheka, mlimi wa ku Malosa ndi wa ku Chingale adzapeza msika pafupi, ngakhale kuti mzinda wa Zomba udzakhala ndi mnzake winanso woukoka ndalama kuchokera kumpoto, monga mmene Limbe amachitira kuchokera kummwera. Msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale, umene unatenga zaka zoposa khumi ukumangidwa ndi kulonjezedwa pa misonkhano ya ndale, wasonyeza kale kuti phula limagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Wodwala amafika msanga kuchipatala, mtengo wa ulendo wa katundu watsika, ndipo malo ochitira malonda a m'mbali mwake akula. Koma malole a ogula mbewu nawo amafika msanga, ndipo m'miyezi yokolola amaima pa Jali kupakira nandolo ndi mpunga, wambiri uli wosapuntha, kupita nawo ku Limbe, kumene ukapunthidwe, kusankhidwa ndi kuikidwa m'mapaketi. Ntchito ya wopuntha, ya wosoka matumba ndi ya wolemba malisiti imakwera lole yomweyo pamodzi ndi madeya odyetsera nkhuku, ndipo ena mwa mapaketiwo amabwerera pa msewu wa M3 kudzagulidwa m'mashopu a ku Zomba mwezi ukatha.